Mkamwini wa kabotolo

Mpopi wa pabwalo pathu ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, uli ndi nthawi yakeyake. Tsiku lonse umangoti duu, ukautsegula umakupumira mpweya kumaso, kenako cha m'ma 3 koloko usiku, anthu abwino onse ali m'tulo, umayamba kutsokomola. Wofuna madzi amagona khutu limodzi lili panja. Kwathu khutu limenelo linali langa, chifukwa mayi a kunyumba anali atangochira kumene mwana wathu wachisamba. Apongozi anga anabwera kuchokera ku Katete kudzawathandiza. Anatsika basi pa Intercity Khirisimasi ya 2023 itayandikira, ali ndi thumba la ufa woyera, nkhuku yamoyo, ndi mlamu wanga wa Giredi 9 wowanyamulira katundu.

Inu obadwira m'tauni mwina simudziwa kuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Kumudzi mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. M'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri mulibe tchire, choncho apongozi akalowa ine ndinkabisala kuseri kwa katani. Moni ankadutsira mwa mwana wawo. "Auzeni abambo a mwana kuti tadzuka." "Auzeni amayi kuti nafenso tadzuka." Onse atatu tili m'chipinda chimodzi, mawondo akugundana.

Nyengoyo kolera inali itavuta zedi. Inayamba mu Okutobala 2023, mvula itagwa inafalikira m'makomboni, ndipo pofika Januwale boma linasandutsa bwalo la mpira la National Heroes kukhala chipatala cha odwala matendawa. Masukulu amene ankayenera kutsegulidwa kumayambiriro kwa Januwale anakhala otseka mpaka pa 12 Febuluwale. Kugwirana chanza kunatha, pamaliro sankalola khwimbi la anthu. Ife a ku Kanyama tinali tisanaiwale za kolera ya 2018, pamene asilikali anathamangitsa ogulitsa malonda m'misewu. Sizinali zoseketsa ayi, anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno mliri wa 2023 mpaka 2024 usanathe, ndipo pamzere wathu pomwe panamveka kulira.

Ine mantha akandigwira ndimasanduka mphunzitsi. Ndinamvetsera wailesi, ndinafunsa mafunso anyamata a zaumoyo oyenda ndi chimkuzamawu, posakhalitsa ndinayamba kulalikira za madzi m'minibasi popita ku ntchito ku Kamwala. Ndinkawauza okwera anzanga kuti madzi a m'mipopi ya Lusaka amachokera kuwiri: ena amapopedwa mumtsinje wa Kafue, n'kuyeretsedwa ku Iolanda, n'kuyenda m'mapaipi makilomita pafupifupi 50 kukwera mtunda, ena amachokera m'zitsime zakuya zamakina zomwazikana mumzinda momwemo. Pochoka kumeneko amakhala atathiridwa mankhwala. Koma paipi ikakhala yopanda kanthu tsiku lonse, pomwe yang'ambika imayamwa zithaphwi za mumsewu, ndipo ndowa ya m'nyumba aliyense amaviikamo kapu ndi zala zomwe. "Ndiye thirani klorini, abale anga. Muyeso wa pachivindikiro pa malita 20, khutchumulani, dikirani mphindi 30." Pomaliza ndinkatulutsa botolo langa la madzi n'kumwa onse akuona. Mayi wina wogulitsa kapenta ankati akandiona pa sitesheni amadikira basi yotsatira.

Usiku uliwonse mpopi ukatsokomola ndinkagwira ntchito yanga mwadongosolo, ndipo m'mawa ndowa ya buluu inkakhala pakona itavindikiridwa, ikununkha bwino fungo la chipatala.

Chinanditsitsa mtima pansi n'chakuti patapita nthawi fungo lija linazimiririka. Madzi a m'ndowa ya buluu anayamba kuzizira, kukoma, oyera mbee. Ndinadzitama mumtima kuti dzanja langa lafika pa ukatswiri, muyeso ndaupeza weniweni, wopha tizilombo koma wosamveka pa lilime. Ndinawonjezera mfundo imeneyi mu ulaliki wa m'basi. Ndinayamba kunyamula mabotolo awiri.

Zinanso zinasintha koma sindinazilabadire. Apongozi anasiya kumwa tiyi wophikidwa m'ketulo yamagetsi. Mwana wawo ankamupatsa madzi owiritsa okha pa mbaula, m'kampoto kawo kochokera nako kumudzi, akuti ndiwo mwambo wa mayi wa khanda. Moni wa m'mawa anafupika. Ndikatuluka kuseri kwa katani ndinkapeza khanda lakokedwera kutali ndi ine. Matewera pachingwe ankawala kuposa a nyumba ina iliyonse pabwalopo, mpaka akazi a alandilodi anabwera kudzafunsa sopo amene tikugwiritsa ntchito.

Tsoka linandipeza m'mawa wina pamsewu wa Los Angeles, basi itaima pamndandanda wa magalimoto tisanafike pa Lumumba. Ndinali pakati pa ulaliki, pamutu wa kusamba m'manja, pamene m'mimba munati gudugudu. Ndinasiya chiganizo pakati. Munatinso gudugudu kachiwiri, ndipo thukuta lozizira linatsika kuchokera m'khosi mpaka m'sokosi. Ndinali mpando wakumbuyo kwenikweni, pakati pa bambo wina wonenepa ndi thumba la impwa.

"Akondakitala, nditsika pano."

"Mudala, apa palibe sitesheni. Ba traffic bazatigwira."

"Ndapota nanu, m'mimba mwandivuta."

Mawu amenewo sindikanayenera kuwatchula mokweza m'Januwale wa 2024. Mayi wa kapenta, amene tsikulo anasowa basi ina, anakuwa kuti, "Ni kolera iyo!" Sindinaonepo minibasi ikukhuthuka msanga chotero. Bambo wonenepa uja, amene pokwera anavutika kulowa pakhomo, anatulukira pawindo. Woyendetsa anazimitsa injini n'kukaima patali, malaya ali kumphuno. Kondakitala anakana ndalama yanga. Kondakitala wa mu Lusaka, kukana ndalama! Ang'wang'wazi, anyamata oitanira basi aja, anatsegula njira mbali zonse, ine ndikuyenda timasitepe ting'onoting'ono, mawondo ali pamodzi, kulunjika kuchimbudzi cholipira cha kumsika. Mnyamata wa pakhomo ndinamuponyera K20, chenji sindinafunse, ndipo zimene zinachitika m'katimo zikhale pakati pa ine ndi Mulungu wanga.

Kukiliniki anandilandira ndi mpope. Ndisanatchule dzina anali atandipopera klorini nsapato, buluku ndi chikwama, ine mlaliki wake. Namwino anandifunsa ngati chimbudzi chikuoneka ngati madzi otsukira mpunga, ngati ndikusanza, ngati miyendo ikukokana. Ndinayankha kuti ayi konsekonse, maso ali pa ambulansi imene inaima panja. Zaka zonsezi ndakhala ndikulakalaka kulowa mu Heroes ulere kukaonera Chipolopolo, koma osati atandinyamula pa machira. Atandiyeza anapeza kuti si kolera, kunali kutsegula m'mimba wamba kwa madzi oipa. Anandikhazika pabenchi ndi chikapu cha ORS, madzi a moyo aja, mpaka madzulo.

"Madzi akumwa mumatunga kuti?"

"Pampopi, asisita, ndipo ndimathira klorini ndekha."

"Tsiku lililonse?"

"Usiku uliwonse. Anthu m'basi amandidziwa."

Anangoti, "Ehe," n'kulemba adiresi.

M'mawa mwake anabwera awiri ovala majombo, bambo ndi mayi, kudzapopera nyumba ndi kuyeza madzi. Bwalo lonse linasonkhana. Ine ndinatuluka nditafunda bulangete, wofooka koma wonyada, n'kuloza ndowa ya buluu. Bambo uja anatunga pang'ono m'kabotolo koonekera, anaponyamo kapiritsi, n'kufotokozera anthu kuti ngati muli klorini madziwo asanduka a pinki. Tinadikira. Anakhutchumula. Anaonetsa kudzuwa. Madzi ali mbee.

"Abambo, muno simunalowepo klorini."

"Kapiritsi kanuko n'kakale," ndinatero.

Anaponya kena. Mbee.

Apa m'pamene mlamu wanga, amene nthawi yonseyi ankakanda pansi ndi chala chakuphazi, anayamba kulira. Anati iye amangotumidwa. Ine ndikangobwerera kukagona, achemwali ake ali m'tulo ndi mwana, amayi amamuuza kukhuthulira madzi a m'ndowa ya buluu m'beseni lochapira, n'kupita kuseri kwa aneba kukatunga ena pachitsime. Mayi wa majombo anapita pabeseni la tsikulo, limene linali lisanalowe sopo, anatunga, anaponya kapiritsi. Pinki weniweni. Akazi a alandilodi anawomba m'manja kamodzi, funso lawo la sopo litayankhidwa. Nditamufunsa mlamu chifukwa chimene iye sanadwalire, anati amayamba wadzaziratu botolo lake asanakhuthule, poti kusukulu anaphunzira za tizilombo.

Chitsimecho ndinkachidziwa. Akhonsolo ankakwirira zitsime zosaya m'makomboni, koma ichi chinapulumuka chifukwa eni ake anachivindikira ndi lata n'kuikapo miphika ya maluwa. Madzi ake amaoneka bwino kuposa a mumpopi, n'chifukwa chake anthu amachikonda. Koma Lusaka wakhala pa thanthwe la laimu limene madzi analiboola mphako ndi ming'alu kuyambira kalekale. Ku Kanyama dothi n'lochepa, miyala ili pamtunda, mvula ikagwa madzi a pansi amakwera kufika pafupi ndi mapazi, ndipo zimbudzi zambiri amazimanga zokwera masitepe chifukwa pansi sipakumbika. Zimene zalowa m'dzenje la chimbudzi sizisefedwa ndi mchenga monga kumudzi, zimangotsata mng'alu. Kuchokera pachitsime chija kufika pachimbudzi cha eni ake munthu sungathe kuimba ndime imodzi ya nyimbo. Ndiwo madzi amene ndinkawayamikira m'basi kuti ndi ozizira ndi okoma.

Apongozi sanatekeseke. Anakhala pamkeka, anatembenukira kukhoma, n'kuyamba kulankhula ndi mwana wawo mokweza kuti bwalo lonse limve.

"Afunseni abambo a mwana. Munthu wabwinobwino amadzuka pakati pa usiku, kufunda chitenje cha mkazi wake kumutu?"

"Auzeni amayi kuti kunkawaza mvula."

"Afunseni. Madzi oyamba amawathira pansi, amathirira mizimu ya kwa yani?"

"Auzeni kuti oyambawo amabwera ndi dzimbiri ndi matope."

"Nanga moto wa m'kamwa?"

"Ndi tochi ya foni, manja onse amakhala otanganidwa."

"Nanga kabotolo kobisa pamwamba pa kabati? Nanga kudonthezera, kung'ung'udza, kuzungulira ndowa akudzimenya m'miyendo?"

Kung'ung'udzako ndinkawerenga mphindi. Kudzimenyako kunali udzudzu. Koma nditamva zonse zitayalidwa motsatana chotero, ndi mawu a munthu amene anazionera pa mng'alu wa chitseko, ndinaona kuti nanenso ndikanakhala iwo ndikanabisa mwana. Anthu a pabwalo anayamba kundiyang'ana mwachilendo. Mkulu wina amene ndimapemphera naye mpingo umodzi anasuntha mpando.

Mayi wa majombo anali wa ku Chadiza, ndipo anagwada pafupi ndi apongozi n'kuwalankhula bwinobwino. Anawaonetsa kabotolo konga kanga kotuluka m'chikwama cha boma, anathira m'ndowa, anamwa yekha mphindi zitakwana. Apongozi ananunkhiza, anakwinya nkhope, anati mankhwala a boma awamva ndipo alibe nawo mlandu. Kenako anapisa dzanja m'chitenje n'kutulutsa kansalu komanga mfundo. Atamasula, munali tizibenthu toyera, tambirimbiri, tosonkhanitsidwa mosamala.

"Nanga ufa uwu, umene ndakhala ndikuupeza pansi pa kapu yanga, nawonso ndi wa boma?"

Aliyense wokhala mu Lusaka amaudziwa ufa umenewo. Madzi odutsa m'thanthwe la laimu amasungunula mwalawo pang'ono, ukawawiritsa umatsalira m'ketulo, umachita chikhokho choyera, kenako umabenthuka n'kugwera mu tiyi. Supha munthu, umangopha ketulo. Bambo wa majombo anafotokoza, alandilodi anabweretsa ketulo yawo kudzaonetsa, mayi a kunyumba anabweretsa mpoto. Apongozi anayang'ana zonsezo n'kunena kuti ndiye kuti mankhwalawo afalikira bwalo lonse. Anawonjeza kuti ngakhale atasintha madzi n'kuyamba a pachitsime, ufawo unkatulukabe m'ketulo yanga, mwinanso kuposa kale, umboni wakuti chinthucho chinakhazikika m'chitsulo.

Chitsime chinakwiriridwa sabata yomweyo, ndipo aneba aja mpaka lero sandipatsa moni. Ntchito ya kabotolo apongozi anailanda. Ankathira okha masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, n'kukhala pambali pa ndowa ndi chikuni kuti wina asayandikire mphindi zisanakwane. Ine anandiletsa kutuluka usiku ndi chitenje. M'basi ndinayamba kukhala mpando wa pafupi ndi khomo, chete.

Masukulu atatsegulidwa anabwerera ku Katete ndi mlamu wanga. Titabwera kowaperekeza ndinafuna kuphika tiyi, ketulo palibe. Patapita milungu ingapo atsibweni a mayi a kunyumba, amene ndi ankhoswe athu, anandiimbira foni. Anati ketulo ija anapita nayo kwa munthu wina wodziwa zinthu kutsidya kwa dambo, ndipo waiunika bwinobwino. Wapeza kuti mkamwini alibe mlandu. Chinthucho chili pansi pa nyumba, n'choyera, n'chachikulu kwambiri, ndipo chinaikidwa kalekale eni nyumba asanabadwe.

Ndinati, "Atsibweni, pamenepo wanena zoona."

Anati, "Eya, ndi katswiri ameneyo. Wati mutumize ya nkhuku yoyera ndi ya thiransipoti. Ketuloyo wati itsale konko, akuiyang'anirabe."