Mwana wanga akufuna za magetsi

Lero mwana wanga wamkazi walowa m'nyumba akuthamanga, chikwama chikadali kumsana. "Amayi, mukudziwa kuti dzuwa limayatsa babu?" Akuti kusukulu kwawo kunabwera ainjiniya ndi kasola kakang'ono, mawaya awiri ndi kababu. Anawatulutsa panja n'kumupatsa iyeyo kuti alumikize. Akaphimba kasolako ndi dzanja babu likuzima, akachotsa likuyakanso. Mpaka pano nkhani ndi yomweyo.

Chandikhudza kwambiri n'chakuti mmodzi wa ainjiniyawo anali mzimayi, atavala chipewa cholimba chija ndi majombo. Anawafotokozera kuti magetsi athu ambiri muno mu Zambia amachokera kumadzi, ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, n'chifukwa chake chilala cha 2024 chinatisiya mumdima. Nthawi imeneyo mwanayu ankawerengera kandulo kuno ku Matero, maso ali piriwiri. Mayi uja anawauzanso za sola ya Bangweulu, siteshoni yopanga magetsi a dzuwa okwana mamegawati 54 yomwe ili konkuno ku Lusaka, ndi kuti pakufunika anthu okoka nthambo ndi osamalira matransifoma.

Madzulo ano wakhala yekha pamphasa ndi buku la masamu, osachita kumuuza. Mtima wanga wadzaza, abale.