Electric ya Kazuya yatuluka, patatha masabata atatu

Dzulo usiku, cha m'ma 11 koloko, electric yanga, chibakera champhezi cha Kazuya pa gemu ya ndewu ya Tekken 7, yatuluka kakhumi motsatizana, osaphonya ngakhale kamodzi. Ndinaika padi pansi manja akunjenjemera. Masabata atatu athunthu ndakhala ndikulimbana ndi chibakera chimodzi chokhachi, ndiye ndati ndilembe mutu ukadali wotentha.

Inu ogwira a Mishima, banja la Kazuya, pa Tekken 7 mukuidziwa kale: kutsogolo, kusiya, pansi, kenako pansi-kutsogolo limodzi ndi 2, yomwe pa padi ya PS4 ndi triangle. Gemuyi imayenda mafulemu (zithunzi) 60 pa sekondi, ndipo kudina kuwiri komalizako kuyenera kulowa mu fulemu imodzimodzi. Ukachedwa pang'ono chabe imatuluka Wind God Fist wamba, yopanda mphezi ija, ndipo mnzako akatchinga uli pa -10, kutanthauza kuti watsalira ndi mafulemu 10, ndipo jab yake, kachibakera kachangu, yakupeza kale. Electric yeniyeni akatchinga uli pa +5, watsogola ndi mafulemu asanu, wamukankhira kumbuyo, mpata ukadali wako. Chibakera n'chofanana pochiona, koma fulemu imodzi yokha imasandutsa mlenje kukhala nyama.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti ndikakhala mbali ya kumanja, kuyang'ana kumanzere, inkatuluka apo ndi apo. Ndikakhala kumanzere, zii. Sabata yoyamba ndinkangoti chala sichinazolowere, ndiye ndinkabwereza mpaka chala chachikulu chinachita thuza. Sabata yachiwiri m'pamene ndinayatsa command history, yoonetsa mabatani amene wadina, mu practice n'kuyamba kuwerenga mivi ija umodziumodzi. Ndinapeza kuti nthawi zambiri muvi wopingasa sukuoneka n'komwe. Ukubwera wa pansi, kenako wa kutsogolo, wapakatiwo wadumphidwa. Nthawi zina ukubwera, koma mochedwa.

Ndinamasula padiyo. Kamphira kokhala pansi pa d-pad, mabatani a mivi aja, kanali katang'ambika mbali ya kumanja, ndipo pa bolodi panali litsiro lakuda lomata. Ndi kutentha kwa kuno ku Salima m'mwezi wa Okutobala, thukuta la m'manja limalowa paliponse, fumbi n'kumatirira pomwepo. Ndinapukuta ndi sipiriti n'kathonje, koma kamphira kong'ambika sungakasoke.

Apa ndiyamikire achimwene ena okonza mafoni ku Kamuzu Road. Pansi pa tebulo lawo pali katoni ya mapadi akufa, ndipo sataya kanthu. Anafufuzamo, n'kutulutsa kamphira ka padi yoyambirira, osati zongofanizira zija zimene zimatha mwezi usanathe. Ndi omwewa amene anandidzutsira PS2 yanga zaka zapitazo itasiya kuwerenga madisiki, nthawi imene tinkagonera Tekken 5. Pondipatsa anati, “Aise, ukamatsekera usamange kwambiri masikuluwo, pulasitikiyi yakalamba.” Mapadi otchipa a m'tauni ndinasiya kugula. Pa FIFA amagwira bwinobwino, koma pa gemu yofuna muvi wopingasa amakupusitsa.

Nditabweza kamphirako muvi unayamba kuoneka, koma electric inkangotuluka katatu pa khumi. Tsopano vuto linatsala langa. Ndinkadikira kuti chala chifike kaye pa pansi-kutsogolo ndiyeno ndidine triangle, ndipo kudikira kumeneko ndiko kunkadya fulemu. Chimene chandithandiza ndi kuiwaliratu za muvi wopingasa. Ndikafika pansi, ndimangoganiza zodina kutsogolo ndi triangle nthawi imodzi, ngati kuomba m'manja. Ndasinthanso kagwiridwe: padi ndimaikhazika pantchafu, dzanja lamanja lili pamwamba pa mabatani, triangle ndikudina ndi chala cholozera. Masiku awiri oyamba zinali zachilendo. Tsiku lachitatu makutu anayamba kuzindikira okha kulira kwa mabatani awiriwo akagunda pamodzi.

Masabata amenewa andiganizitsa za mkangano wathu wa Loweruka lililonse pamalo pomwe timasewerera, wakuti gemu yeniyeni ya ndewu ndi iti.

Mortal Kombat 11 ndiyo imadzaza chipinda, zimenezo sindingatsutse. Munthu amene sanagwirepo padi amaphunzira mkondo wa Scorpion m'mphindi zisanu, kutchinga kuli ndi batani lakelake, ndipo moyo ukatsika pansi pa 30 peresenti Fatal Blow, kumenya kwapadera kwamphamvu, ili pompo. Makombo ake umangodina mndandanda mwachangu, osadikira kuona chibakera chilichonse chikufika. Ndimaisewera ndipo ndimaikonda. Koma nditaloweza makombo a munthu wanga ndi zimene ndingalange, sindinapezenso chondidzutsa usiku.

Street Fighter 6 ndi nkhani ina. Capcom anaitulutsa mu 2023, mwamwayi ndi pa PS4 pomwe. Modern controls, kadinidwe kake kosavuta, yatsegula khomo: mphwanga amene shoryuken, chibakera chomenya ukudumpha, inkamukanika zaka zonsezi tsopano amaitulutsa ndi batani limodzi, ngakhale imapweteka mocheperapo ndi 20 peresenti. Ena amati n'kubera. Ine ndikukana, chifukwa kuya kwa gemu imeneyi sikunakhalepo m'zala. Kuli pa mtunda wa pakati pa inu awiri, kudziwa nthawi imene mnzako adumphe, ndi kusamala Drive Gauge, mita ya mphamvu, kuti isakuthere n'kupanikizidwa pakona. Wofuna kuphunzira kuganiza ndewu ayambire pamenepa.

Koma mtima wanga uli pa Tekken. Ilinso ndi khomo lotambalala kuposa mmene anthu amanenera. Mabatani anayi, lililonse mkono kapena mwendo wake, ndipo tonse tinakula tikuona mwana akudina X ndi circle ndi Eddy Gordo pa Tekken 3 n'kugwetsa akuluakulu. Ukangolowa, m'pamene umaona kuti madziwo ndi akuya ngati ukapitirira pomwe ana amasambira ku Senga Bay. Munthu mmodzi akhoza kukhala ndi mamuvu opitirira 100. Uyenera kudziwa string (kumenya kotsatizana) iti imathera m'mwamba kuti uwerame, iti uizembere kumanzere, iti kumanja, iti ulange ndi chiyani. Zonsezi kwa anthu oposa 50 ukaphatikiza ogula padera. Electric imene yandidyera masabata atatu ndi kachidutswa chabe.

Ndinazionera ndekha Loweruka lapitali, electric itayamba kale kumvera. Mnyamata wina wa kabaza amene amagwira King, wogwetsana wa mu Tekken, anandimenya magemu asanu motsatizana. Sadziwa nambala ya fulemu ngakhale imodzi. Anangoona kuti ndikaimirira patali ndimakonda kuponya electric, n'kuyamba kuwerama, poti ndi chibakera cha m'mwamba, n'kundinyamula. Nditayamba kuopa n'kumangotchinga, anabwera ndi magilabu, kugwira n'kuponya pansi. Giant Swing inandizungulitsa katatu m'gemu imodzi, ine pofuna kuithyola ndikudina mabatani a manja onse awiri (1+2) pomwe imafuna lamanzere lokha (1). Zinandiwawa kwambiri, komabe ndinabwerera kunyumba ndikudziwa bwino chimene ndalakwitsa pa raundi iliyonse, ndipo n'chifukwa chake gemuyi ndimaiika pamwamba pa zinzake pa nkhani ya mpikisano.

Za pa intaneti sindiziwerengera kwenikweni. Ndi netiweki yathuyi Tekken 7 imakoka, ndipo chinthu cha fulemu imodzi sungachiyese pomwe gemu ikuchita kudukiza. Street Fighter 6 imapirirako, koma bandulo imatha usanakhute. Zimenezi sizindifooketsa. Mu 2019 Arslan Ash wa ku Pakistan anapambana mpikisano waukulu wa magemu a ndewu wa EVO Japan, kenako EVO ya ku Las Vegas chaka chomwecho pa Tekken 7, dziko lonse lisakudziwa kuti ku Lahore kuli akatswiri otere. Anakulira m'timalo tosewerera ta kwawo, akumenyana ndi anzake maso ndi maso tsiku ndi tsiku. Benchi lathu, sikirini imodzi, wogonja apereke padi, ndi sukulu ya mtundu womwewo.

Tsopano ndayamba za kuthyola magilabu, mphindi 20 tsiku lililonse magetsi akakhalapo, kuyang'ana dzanja limene latsogola. Korean backdash (kubwerera m'mbuyo mwachangu motsatizana) ya mbali ya kumanja ikadali yosokonekera. Ndikufunanso kufika pa perfect electric, yotuluka mwachangu koposa, ija yolowa pambuyo pa counter hit (kumenya mnzako akuyamba kuponya) ya df+2 (pansi-kutsogolo ndi 2), ngakhale ndikudziwa kuti pa padi ndi phiri. Tekken 8 idikire kaye, pa PS4 kulibe. Chimene ndikulakalaka kwambiri ndi kuitana anyamata a ku Nkhotakota chakumapeto kwa chaka, asanu kwa asanu, magemu onse atatu, tione mbali imene ili ndi manja. Alipo amene ali ndi sikirini yachiwiri yosachedwetsa chithunzi? Ndipo inu ogwira King, mundiuze mmene mumasiyanitsira magilabu a Giant Swing ndi Shining Wizard akamabwera, poti m'maso mwanga manjawo akuonekabe chimodzimodzi.