Sabata yathera pa chiuno cha goloboyi wathu

Ntchito yanga kuno ku Canada ndiyosamala matupi a anyamata a timu ya hockey ya pa ayisi payunivesite ina ya mu U Sports, bungwe loyendetsa masewera a mayunivesite a kuno, kumanga mabandeji, kutikita minofu, nkumauza kochi kuti uyu alowe uyu ayambe wapuma. Sabata ino pafupifupi yonse yathera pa munthu mmodzi, goloboyi wathu, yemwe ali mchaka chake chachisanu ndipo nchomaliza poti malamulo a U Sports salola kupitirira zaka 5.

Lolemba anabwera akutsimphina pang'ono, akuti ululu uli mphechepeche kumanja. Magoloboyi a masiku ano amasewera sitayilo ya butterfly, puck, kaphale ka labala kamene amamenya mmalo mwa mpira, ikamabwera amagwa ndi mawondo pa ayisi miyendo itatambasukira mmbali kuti atseke pansi pa golo, ndiye tangoganizani kugwa nkudzuka choncho kambirimbiri pa treningi iliyonse kuyambira ali mwana, atasenzanso mapadi olemera aja, mfundo ya mchiuno imakhuzika ndithu. Ndinamugoneka pabedi, nditapinda bondo nkulipotozera mkati anakuwa. Ndinauza kochi kuti mpaka Lachitatu asagwe butterfly, angopalasa njinga ya mu jimu ndi kulimbitsa minofu ya mmimba. Kochi sanakondwe koma anamva.

Chomwe chimandikhudza ndi njira yomwe mnyamatayu wadutsa. Anachoka kwao ali ndi zaka 16 kukasewera mu WHL, ligi ya achinyamata (junior) ya kumadzulo kwa Canada, kukhala kunyumba za eni, kuyenda usiku wonse pabasi mchisanu, akulota NHL, ligi yaikulu kwambiri ya hockey, ngati anzake onse. Draft, pamene matimu a NHL amasankha osewera achinyamata, inamudutsa. Chomwe anatsala nacho ndi sikolashipu ya ligi ija, sizoni iliyonse yomwe wasewera amamulipilira chaka chimodzi cha sukulu, nchifukwa ma timu athu amadzaza ndi abambo a zaka 21 mpaka 25 osati ana ongochoka ku sekondale. Pano zinthu zasinthanso, NCAA, bungwe la masewera a mmakoleji a ku America, inavomera mu November 2024 kuti osewera a CHL, bungwe lomwe WHL ili pansi pake, azilowa mmakoleji awo kuyambira 2025, moti anyamata abwino ambiri akuthamangira kumeneko.

Lachinayi tili mkati mwa ma exercise anayamba kundiuza za Logan Thompson, amene anagwira golo ku Brock University sizoni ya 2018-19, nkudutsa ligi yaing'ono ya ECHL, mpaka kukafika mu NHL ku Vegas Golden Knights, kenako Washington Capitals. Dzina limeneli goloboyi aliyense wa U Sports amalidziwa pamtima. Ine sindimuletsa kulota ayi, koma ndinamuuza mosabisa kuti akangobisa ululuwu kuti aoneke wolimba pamaso pa ma scout, anthu ofufuzira matimu osewera aluso, adzafika zaka 35 akulephera kumanga yekha zingwe za nsapato. Anakhala duu, kenako anavomera kuti ululuwo unayamba kale, kungoti amaopa kuti malo ake atenga wachiwiri wake. Izi zimandipweteka kwambiri, timu ili ndi malo amodzi okha pagolo, ndiye anawa amaphunzira kukhala chete ndi zowawa.

Lachisanu tinanyamuka mmamawa pabasi, gemu ziwiri ndi timu yomweyo monga mwa masiku onse, Lachisanu ndi Loweruka. Njira yonse iye ali pa laputopu akumaliza asainimenti, anzake ali mtulo. Tinagwirizana ndi kochi kuti asewere gemu imodzi basi. Ndinamutenthetsa thupi nthawi yaitali tisanalowe, ndipo ndinaima pa benchi maso ali pa mwendo wakumanja uja osati pa puck, nthawi iliyonse akadzuka ndimayang'ana ngati akuyamba ndi mwendo uti. Anagwira bwino zedi, chigawo chachitatu chomwe nchomaliza anatchinga shoti ina ndi chala cha skate anthu onse anaimilira, tinawina. Mmene amavula zovala anali atanyowa ngati wagwa mumtsinje, ndinamuika ayisi mchiuno nkumukakamiza kumwa madzi.

Loweruka anakhala pa benchi atavala kapu, akulemba shoti zonse za wachiwiri wake nkumamunong'oneza zoti akonze pa nthawi yopuma, tinaluza koma mwanayo anayesetsa. Lolemba lino ndikupita naye kwa dokotala wa timu kuti amulembere MRI yojambula mkati mwa chiunocho, ndipo ndamuuza kale kochi kuti zotsatira zisanatuluke gemu ziwiri motsatizana sasewera.