Loweruka, tsiku la sewero ku Old Town

Ndafika kunyumba ku Area 25 cha m'ma 10 koloko usiku, mapewa ali phwii, koma ndilembe kaye ndisanagone. Lero ine ndi mnzanga timamasulira sewero m'chinenero chamanja pa holo ina ku Old Town.

Tinafika dzuwa lili paliwombo, azisudzo akuyeserera komaliza. Sewero lolembedwa anatipatsa sabata yatha ndipo ndinaliwerenga katatu, koma azisudzo akwathu kuno timawadziwa. Akaona anthu akuseka amawonjezera zawo, apa mwambi, apo nthabwala. Pepala lokha silikwanira, uyenera kuwaona akukonzekera kuti udziwe yemwe amakonda kupatuka. Buku la zizindikiro lomwe bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa mu 2021 limatithandiza pa mawu, koma wina akati "mutu umodzi susenza denga", uyenera kusankha msanga: uonetse denga, kapena upereke tanthauzo lake. Ine ndimapereka tanthauzo.

Ndinavala malaya owala, opanda maluwa. Malangizo akunja amati womasulira azivala zakuda, koma manja athu ife amasowa pa nsalu yakuda. Chitenje chamawangamawanga chimatopetsa maso a woonera. Ndolo ndi zibangili ndinazisiya kunyumba.

Poyamba anandiimika kungodya, pafupi ndi khomo. Amayi ena achikulire osamva, omwe anaphunzira kusukulu ya osamva ya ku Mua, anandikodola. "Mwanangu, maso ndili nawo awiri, koma onse amayang'ana kumodzi. Ndione iwe kapena sewero?" Tinasuntha, ndinakaima m'mbali mwa nsanja penipeni, kuti akamaona manja anga aziona ndi azisudzo kumbuyo kwanga. Kenako ndinakapeza woyang'anira magetsi: "Achimwene, mukamazimitsa posintha gawo, nyali yanga iyi musaikhudze." Mumdima munthu wosamva samalandira kanthu, ngakhale nyimbo ikulira.

Amayi omwewo ndi anzawo anatithandiza kupatsa azisudzo maina a m'manja. Amfumu tinawapatsa ndodo, apongozi duku. Kulemba dzina lonse ndi zala nthawi iliyonse kukanatisiya m'mbuyo.

Mawu a amayi aja ndinawamvetsa bwino sewero lili mkati. Pali pomwe mkazi amapisa m'thumba la jekete la mwamuna wake n'kupeza kalata, osalankhula kanthu. Ndinatsitsa manja, n'kutembenukira kunsanja. Mzere wonse wa anthu osamva unatembenuka nane limodzi, ndipo anaiona kalatayo nthawi imodzi ndi holo yonse. Koma pa gawo la ndewu ndinalakwitsa. Ndinalimbikira kumaliza chiganizo pomwe amfumu amagwa pampando, anthu anafa nalo phwete, anzathu aja akuyang'anabe manja anga. Atatembenuka anapeza amfumu atadzuka kale. Zandikhudza mpaka pano.

Timasinthana ndi mnzanga pakatha mphindi ngati 20, makamaka gawo likamasintha. Wopuma sapuma kwenikweni, amakhala kutsogolo n'kumaponyera mnzake mawu omwe amudutsa, chifukwa masipika amayang'ana kwa anthu ndipo uli m'mbali mwa nsanja mawu amafika osokonekera.

Potuluka amayi aja anandigwira mkono. Anati kalata anaiona, koma za mpando anachita kufunsa. Loweruka likubwerali sewero lomweli lionetsedwanso, ndipo ndalemba kale mzere wofiira papepala langa pamalo atatu pomwe manja ayenera kutsika.