Kusiya akavalo panja usiku nyengo yotentha ku Mzuzu

Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likafika paliwombo, ntchentche zimazunza akavalo, ndiye ena amati ndi bwino kuwatsekera m'khola masana n'kuwatulutsa usiku kukazizira. Kuno ku Mzuzu nzeru imeneyi ili ndi polekezera.

Choopsa kwambiri ndi matenda a African horse sickness. Amafalitsidwa ndi tizilombo touluka, tating'ono kuposa udzudzu, timene timaluma dzuwa likamalowa, usiku ndi m'bandakucha, ndipo timaswana m'matope a m'madambo. Kavalo wogwidwa amatentha thupi, amatupa pamwamba pa maso, amapuma movutikira, mwina thovu n'kumatuluka m'mphuno. Ambiri sachira. Mvula ikangoyamba, lekani kuwatulutsa usiku. Alowe m'khola dzuwa lisanalowe, adzatuluke mame atauma. Katemera wochokera ku Onderstepoort, ku South Africa, amabayidwa kawiri motalikirana masabata atatu, ndipo ayenera kutha mvula isanagwe.

Kukadali kouma, sankhani busa la pamtunda podutsa mphepo, kutali ndi dambo. Yambani ndi maola awiri kapena atatu, muziwonjezera pang'onopang'ono kwa sabata yathunthu, chifukwa kusintha chakudya mwadzidzidzi kumadwalitsa m'mimba. Madzi akhalepo usiku wonse: kavalo mmodzi amamwa malita 25 mpaka 50 patsiku.

Waya waminga ayi ndithu. Kavalo akadzidzimuka ndi agalu mumdima amathamangira pomwepo n'kung'ambika miyendo. Musasiye mmodzi yekha, ndipo m'mawa muone mapazi, mabala ndi nkhupakupa pansi pa mchira.