Kuchokera ku Blantyre kukathamanga SkyRun: mmene ndinaukonzera ulendo

SkyRun ndi mpikisano wa makilomita 100 umene umachitika mu Novembala pamwamba pa mapiri a Witteberg, m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, kufupi ndi malire a Lesotho. Mumanyamuka m'katauni ka Lady Grey 4 koloko m'bandakucha, n'kukathera ku Wartrail Country Club, ndipo nthawi imene amapereka ndi maola 30. Panjira samangirira nsalu kapena kuika zikwangwani zolozera. Aliyense amadzitsogolera yekha ndi GPS. Anzanga akamandifunsa za mpikisanowu amathamangira kufunsa za miyendo, koma chimene chinandizunguza mutu kwa miyezi chinali china: ndikafika bwanji kumeneko, ndipo ndikatha ndani adzanditola.

Choyamba chinali ndalama yolembetsera. Amalipiritsa m'marandi pa intaneti, ndipo mukudziwa nokha mmene ndalama zakunja zimavutira kuno. Sindinataye nthawi kudikira khadi yanga. Ndinaimbira alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, iwo n'kulipira ndi khadi yawo, ine kuno n'kukapereka makwacha ake kwa mayi awo kuti agulire fetereza. Tsiku lomwelo ndinawapempha kuti asungitsenso chipinda ku Lady Grey. Katauni kaja n'kochepa, malo ogona alendo ndi owerengeka, ndipo sabata ya mpikisano amadzaza msanga. Wochedwa amakagona ku Aliwal North, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, zimene zikutanthauza kudzuka pakati pa usiku kuti akapezeke pamzere 4 koloko isanakwane.

Za mapepala sizinavute. Pasipoti ya Malawi imalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30, bola ikhale ndi masamba osadindidwa ndipo isakhale yoti yatsala pang'ono kutha. Chimene ndinachiwerenga mofatsa ndi inshuwalansi ya paulendo. Zambiri zimalemba m'timalemba ting'onoting'ono kuti sizilipira ngozi ya pa mpikisano kapena ya m'mapiri. Ndinawalembera kuwafunsa ngati amalipira kutsitsa munthu wovulala kuchoka kuphiri, ndipo yankho lawo ndinalisunga mufoni.

Basi kapena ndege? Basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge ndi yotsika mtengo, ndipo ndaikwerapo bwinobwino pa maulendo ena. Koma kukhala pampando kupitirira tsiku lathunthu, mapazi n'kutupa, kenako n'kukakwera mapiri, ine ndinaona kuti n'kudzilanga. Ndinakwera ndege pa Chileka kukatera pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Johannesburg. Nsapato zothamangira, wotchi ya GPS, tochi ya pamutu ndi mabatire ndinaziika m'chikwama cha m'manja, chifukwa sutikesi ikasochera mutha kugula malaya ena koma nsapato yozolowera phazi simungaigule tsiku limodzi. Ndodo zokwerera phiri zokha ndi zimene zinapita m'sutikesi, popeza m'ndege momwe timakhalamo salola.

Kuchoka ku Johannesburg ndi ulendo wa pagalimoto wa tsiku lonse: msewu wa N1 mpaka Bloemfontein, N6 mpaka Aliwal North pomwe mumaoloka mtsinje wa Orange, kenako R58 kulowera kumapiri. Zonse pamodzi zimapitirira makilomita 600.

Apa ndiye pagona nkhani. Mpikisanowu suthera pomwe unayambira. Mukasiya galimoto ku Lady Grey, mudzapezeka muli ku Wartrail, kumafamu a nkhosa a mbali ya Barkly East, miyendo itauma, popanda minibasi kapena kabaza woti akunyamuleni. Komanso malo aakulu opumira, otchedwa Balloch, amene ali mutangopitirira theka la njira, amafikika pamsewu wafumbi. Ndinawafotokozera alamuwo zonsezi pafoni, iwo n'kuseka.

"Ndiye alamu, mukuti ine ndisiye ntchito kuti ndikakudikireni kuthengo ndi poto wa mbatata?"

"Eyatu alamu. Ndiponso kagalimoto kanu kotsika kaja kasiyeni, tibwereke ina yokwera m'mimba."

Tinabwerekadi yokwera. Mvula ya Novembala ikagwa, misewu ija imaterera, ndipo miyala imakhula pansi pa galimoto yaing'ono. Mafuta tinadzaza thanki tisanalowe kumafamu. Mapu a njira yopita ku Balloch ndi ku Wartrail tinawatsitsiratu mufoni yawo, chifukwa m'zigwa zija netiweki imabwera n'kuthawa. Tinagwirizananso kuti ndikachedwa asayambe kundifunafuna okha, koma afunse oyang'anira mpikisano amene amalemba aliyense wodutsa pamalo aliwonse.

Katundu wokakamizidwa kunyamula amamuyendera mmodzimmodzi polembetsa: jekete yosalowa madzi, zovala zotentha zamkati, kabulangete konyezimira ka pangozi, wezulo, tochi, mankhwala ndi mabandeji, ndi GPS yokhala ndi njira yonse. Jekete yanga ya pakaunjika, imene ndakhala ndikukwera nayo Mulanje, ndinaisiya. Imatchinga mvula ya mawawa, koma m'misoko mwake mumadontha, ndipo pamtunda paja mphepo ikakumana ndi thupi lonyowa munthu amazizidwa mpaka kusokonezeka mutu, ngakhale kuti ndi nyengo yotentha. Yatsopano ndinagula ku Johannesburg, mtengo wake sindinauze mayi a kunyumba mpaka lero.

Zolimbitsa thupi ndinachitira pa Mulanje, ndipo pamenepa ife tili ndi mwayi. Sapitwa ndi mamita 3,002, pamene nsonga yaitali ya SkyRun, Avoca, ndi mamita 2,756. Njira yochoka pa Likhubula kukwera Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikanso, imene amathamangamo pa mpikisano wa Porters Race, imaphunzitsa mawondo zonse zofunika. Vuto la Mulanje ndi limodzi: wokuperekezani amadziwa mwala uliwonse, ndiye inu mumangotsatira zidendene zake osaganiza. Ndinawapempha achimwene amene amandiperekeza kuti aziyenda kumbuyo kwanga, asalankhule pokhapokha ndikalunjika kuphompho. Ankangotsokomola ndikaphonya njira. Masiku a chiperoni, pamene chifunga chimatseka moti simuona mtengo uli patsogolo panu, ndi amene anandiphunzitsa kukhulupirira kamzere ka pawotchi kuposa maso anga. Ndinayendanso usiku ndi tochi, chifukwa kwa wothamanga wamba ngati ine, gawo lachiwiri la SkyRun limachitika mumdima.

N'chifukwa chake chikwama chokandidikirira ku Balloch ndinachilongedza mosamala kuposa china chilichonse. Munali masokosi ouma, malaya ena otentha, tochi yachiwiri, mafuta opaka pokhulika, mtedza wokazinga ndi mbatata yophika yothira mchere. Zakudya zonsezi tinagula ku South Africa komweko, ndipo sindinaikemo chilichonse chimene mimba yanga sinachiyesepo pa Mulanje. Pa Balloch azachipatala amakuonani kaye musanapitirire, ndipo mukangotuluka mumakumana ndi chikweza chotchedwa Balloch Wall, chokwera mamita pafupifupi 500 pa kamtunda kochepa. Poona mmene chimaimira, chili ngati kukwera makwerero a nkhokwe osafika pakhomo pake. Ndinawauza alamu kuti akandiona ndakhazikika pampando n'kuyamba nthabwala, andidzutse, chifukwa anthu ambiri amasiyira pamenepo atamva kukoma kwa tiyi.

Tikiti yobwerera sindinaiike tsiku lotsatira mpikisano. Wotha mochedwa amafika ku Wartrail dzuwa litatuluka kale tsiku lachiwiri, ndipo woyendetsa galimoto nayenso amakhala atachezera usiku wonse m'misewu yafumbi. Tinagona kaye kumapiri komweko, n'kunyamuka m'mawa mwake, alamu ali pachiwongolero, ine ndili kumbuyo mapazi nditawasanjika pa zikwama. Pa Bloemfontein tinaima kuti tidye, ndipo kutsika m'galimoto kunanditengera nthawi yaitali kuposa kudya nkhuku yonseyo.