Zimene ndimayang'ana mowa wa chimera ukapanda kutuluka bwino

Nditasiya kufulula mowa ndi manyuchi a chimera ogula m'zitini n'kuyamba kugwiritsa ntchito chimera cha balere chenichenicho, ndinkaganiza kuti ndangoonjezera ola limodzi pa ntchito imene ndinkaidziwa kale. Ulendo woyamba womwewo ndinaona kuti si choncho. Ndinkayembekezera kuti nditamaliza kuwiritsa pamoto, hydrometer, chipangizo choyezera kuchuluka kwa shuga m'madziwo, isonyeza 1.052, koma inaima pa 1.038, ndipo mowawo utapsa unali wamadzimadzi mkamwa, wopanda mphamvu. Ndinada yisiti, kenako ndinada chimera, koma vuto linali m'manja mwanga, chifukwa sindinkayeza zinthu zofunika kuyeza.

Ntchito yonse imagona pa phala, pamene chimera chophwanya chimaviikidwa m'madzi otentha kwa ola limodzi kuti sitachi isanduke shuga. Amene amagwira ntchitoyo ndi ma enzyme awiri omwe ali kale m'chimeramo. Beta-amylase imakonda madigiri 60 mpaka 65 ndipo imapanga shuga amene yisiti imadya mosavuta, pamene alpha-amylase imagwira bwino cha pa madigiri 68 mpaka 72 ndipo imasiya shuga wina amene yisiti imalephera kudya. Ndiye chifukwa chake phala lozizirirapo limatulutsa mowa wopepuka, pamene phala lotentherapo limatulutsa mowa wolemera mkamwa umene umatsala ndi katsekemera. Ambiri amasankha madigiri 65 mpaka 67 kuti onse awiri agwire ntchito. Ine ndinkakhulupirira kuti ndili pamenepo, mpaka tsiku lina ndinaviika choyezera kutentha changa m'madzi osakaniza ndi ayezi, ndipo m'malo mosonyeza 0 chinasonyeza 4. Phala langa lonse linkakhala lozizira ndi madigiri anayi kuposa mmene ndinkaganizira. Kayesedwe kameneka sikatenga ngakhale mphindi zisanu, ndipo ndimadandaula kuti ndinataya chimera chambiri ndisanakachite.

Koma kuchepa kwa shuga kunali ndi gwero lina, lomwe ndi kaphwanyidwe ka chimera. Njere zikatsala zathunthu madzi salowa mkati mwake, ndipo sitachi imatayidwa pamodzi ndi masese. Zikaperedwa mpaka kukhala ufa, vuto limatembenuka: phala limagwirana ngati dothi, ndipo madzi otsekemerawo amakana kutuluka pa nthawi yosuza. Chofunika n'chakuti mkati mwa njere musweke koma mankhusu atsale pafupifupi athunthu, pakuti mankhusuwo ndiwo amagwira ntchito ya sefa. Tirigu, rye ndi oats ndizo zimatsekereza kawirikawiri chifukwa zimachita ulimbo, ndipo ndikazigwiritsa ntchito ndimathirako mankhusu a mpunga manja awiri kapena atatu, omwe sasintha kakomedwe ka mowa. Zikatsekeka ndithu, ndimatseka mpopi, kuthira madzi otentha pang'ono, kutakasa phala lonse, kulisiya mphindi khumi kuti likhazikike, kenako n'kutsegula mpopi pang'onopang'ono. Kutsegula mpopi wonse nthawi imodzi ndiko kumapanikiza phala pansi. Ndisanayambe kusuza ndimadonthezanso ayodini pa madzi pang'ono a phalalo m'mbale yoyera: akada n'kuoneka obiriwira ngati inki, ndiye kuti sitachi ikadalipo ndipo ndiyenera kudikira. Madzi oyeserawo ndimataya, sabwereranso mumphika.

Mowa wina unatuluka ndi kuwawa kouma kumene kumamanga lilime ngati tiyi amene wakhalitsa ndi masamba ake. Kuwawa kumeneku si kwa hops, maluwa amene amathiridwa mumowa kuti uziwawa. Kumachokera m'mankhusu, makamaka munthu akapitiriza kutsuka phala ndi madzi ambiri pofuna kufinya shuga yense, kapena madziwo akapyola madigiri 77 pamene pH, yomwe ndi muyeso wa asidi m'phala, yakwera. Phala liyenera kukhala pa pH ya 5.2 mpaka 5.6, ndipo ndi bwino kusiya kusuza madzi otulukawo akatsika kufika cha pa 1.010. Shuga wochepa amene amatsalira m'masese sangafanane ndi mowa wonse kuwonongeka.

Za madzi ndinaziphunzira mochedwa. Mowa ukamanunkha ngati mankhwala a kuchipatala kapena pulasitiki, kawirikawiri ndi kolorini wa m'madzi a m'mipopi, kapena mankhwala otsukira ziwiya amene sanatsukuluzidwe bwino. Kolorini wamba amachoka madzi akawiritsidwa kapena akagona usiku wonse osavundikira, koma chloramine, yemwe ndi kolorini wosakanizidwa ndi amoniya, sachoka choncho. Amachotsedwa ndi mapiritsi otchedwa Campden, ndipo piritsi limodzi limakwanira malita pafupifupi 75. Fungo la chimanga chophika, lomwe ndi DMS, limachotsedwa powiritsa mwamphamvu mphika uli wosavundikira, kwa ola limodzi kapena kwa mphindi 90 ngati chimera chili cha mtundu wotchedwa pilsner, kenako n'kuziziritsa msanga.

Ngakhale zili choncho, mavuto amene anandisowetsa mtendere kwambiri anabadwira m'chidebe chowiritsira mowa, yisiti itathiridwa kale. Yisiti ya mowa wa mtundu wotchedwa ale imagwira bwino cha pa madigiri 18 mpaka 20, ndipo chimene sindinkadziwa n'chakuti ikakhala pa ntchito imatulutsa kutentha kwakekwake, moti mkati mwa chidebe mumatha kutentha ndi madigiri angapo kuposa m'chipindamo. Mowa umene unawira pamalo otentha unali wolasa pakhosi, ndi fungo lamphamvu ngati la mankhwala ochotsera penti, ndipo kuusunga miyezi sikunauchize. Tsopano chidebe ndimachiimika m'beseni la madzi ozizira masiku atatu kapena anayi oyambirira, chifukwa ndi m'masiku amenewo momwe yisiti imapanga fungo lambiri. Kakomedwe ka batala, kamene ndi diacetyl, ndi ka apozi wosapsa, kamene ndi acetaldehyde, n'zosiyana ndi zimenezi, chifukwa yisiti yomweyo imazichotsa ikapatsidwa nthawi. Ndikamva chimodzi mwa ziwirizi sindithamangira kusamutsa mowa. Ndimausiya pa yisiti yake masiku ena atatu kapena anayi, kutentha kutakwerako pang'ono.

Mowa wowawasa, kapena wokhala ndi kachikopa koyera pamwamba, ndiye kuti walowa tizilombo. Fumbi la chimera limanyamula tizilombo towawasitsa ta Lactobacillus, choncho sindiphwanyira chimera m'chipinda chimene mowa ukuwirira, ndipo chilichonse chokhudza mowa pambuyo pa kuwiritsa pamoto chimayamba chatsukidwa n'kuviikidwa m'mankhwala ophera tizilombo. Mapaipi apulasitiki akakalamba ndimangowasintha, popeza timing'alu ta mkati mwake sititsukika.

Chimene ndinasiyiratu ndicho kukhulupirira thovu la mu airlock, kachipangizo kokhala ndi madzi kotulutsira mpweya pa chivundikiro cha chidebe. Chivundikiro chikakhala ndi kampata mpweya umatulukira pamenepo, ndipo munthu amaganiza kuti yisiti yafa pamene ikugwira ntchito bwinobwino. Nthawi zinanso thovu limaleka shuga akadalipo. Ndinathirapo m'mabotolo mowa umene unali usanamalize kuwira, ndipo patapita milungu iwiri botolo limodzi linaphulika m'kabati usiku, magalasi n'kumwazika ponseponse. Zinandiopsa kwambiri, chifukwa akanakhalapo munthu pafupi akanavulala. Kuyambira pamenepo ndimayeza ndi hydrometer kawiri, motalikirana masiku awiri kapena atatu, ndipo sindigwira botolo mpaka nambala itakhazikika pamalo amodzi. Ikaima pamwamba, mwachitsanzo pa 1.020 pamene ndimayembekezera 1.012, ndimagwedeza chidebe mofatsa kuti yisiti ya pansi idzuke, ndimachisunthira pamalo otentherapo, ndipo ndimatsegula kope langa kuti ndione kutentha kumene ndinalemba pa tsiku la phala, chifukwa ngati linali pa madigiri 70, nambalayo ikhoza kukhala kuti ndi pomwe mowawo wathera.